Ndinkagulitsa Masiku a Odwala Kuti Ndikaphunzire Unamwino

Unamwino wanga ndinaupeza mwa njira yoipa. Mayeso ndinalemba ndekha ndipo ndinakhoza bwino, sindinaonere kwa munthu. Choipa chinali mmene ndinapezera ndalama zondifikitsa kumayesoko. Ndakhala chete zaka zambiri, koma lero ndati ndikuuzeni inu owerenga, makamaka inu amene muli pantchito kwinaku mukusakasaka ya sukulu.

Kwathu ndi kwa Changata, ku Thyolo. Nditamaliza Sitandade 6 ndinaphunzira kumanga mabala pachipatala china cha mishoni, kenaka ndinalembedwa ntchito padisipensale ya esiteti ina ya tiyi. Inali nthawi ya chitaganya. Mkulu wa padisipensalepo anali a Makwinja, bambo wachikulire amene maso anali atayamba kuwavuta, choncho buku la odwala ndi zolembalemba zonse anandisiyira ine. Dokotala wachizungu ankabwera kamodzi pa masabata awiri.

Mtima wanga sunali pomanga zilonda mpaka kukalamba. Ndinkafuna kukhala namwino weniweni, wa kachipewa ndi lamba, ndipo maphunziro otero kuno kunalibe, kunali kupita ku Halale kapena ku Joni. Asanakulandire ankafuna sukulu yoposa yangayi, ndiye ndinayamba maphunziro a pakalata. Mapepala ankabwera papositi, ine n'kumawerenga masana odwala akachepa, n'kutumiza mayankho. Mwezi uliwonse ankafuna fizi, ndipo kutsogolo kunali ulendo wa pasitima, mabuku ndi yunifolomu. Ndinayesa kuluka zipewa za makanda, ndinayesa kukazinga zitumbuwa tsiku la malipiro, koma kunali kutungira madzi m'dengu.

Pa esiteti munthu aliyense anali ndi tikiti ya ntchito imene kapitawo ankachonga tsiku ndi tsiku. Ukajomba, phoso, chakudya chimene kampani inkagawira antchito, ankakudula, ndipo ukazolowera kujombako ankakutulutsa m'nyumba za kampani. Koma ukaonetsa kapepala ka kudisipensale kakuti ukudwala, phoso unkalandira ndipo palibe ankakufunsa. Tsono mvula ikagwa tiyi amaphuka kwambiri, ndipo ndi nthawi yomweyonso imene munthu amafuna kudzala ndi kupalira kumunda kwake.

Tsiku lina m'mawa kunabwera bambo wina wathanzi lake, n'kuika sikisi, kandalama ka mapeni asanu ndi limodzi, patebulo pafupi ndi dzanja langa.

"Achemwali, lembani kuti malungo. Masiku awiri okha, chimanga changa chikufera m'udzu."

Ndinalemba. Ndinadziuza kuti sindikubera mmphawi, ndikumuthandiza, ndipo kampani yokhala ndi minda mpaka kuphiri singamve kuwawa. Sabata isanathe nkhani inali itafala m'malaini monse a nyumba za antchito. Anthu ankabwera atagwira mutu, n'kubuula pakhomo kuti a Makwinja amve, ndalama ili m'chikhatho. Ndinachita zimenezi nyengo ziwiri za mvula. Maphunziro a pakalata aja ndinakhoza, kalata yondiitana ku Halale inafika, ndipo ndinatsala ndi masabata atatu kuti ndinyamuke.

Apa m'pamene bwana wa esiteti anaona kuti odwala achuluka modabwitsa, pamene mankhwala m'kabati sakutha. Sanandiganizire ine ayi. Anati a Makwinja akalamba, anthu akuwapusitsa. Anawakalipira pamaso pa makalaliki, iwo n'kumangoti "Inde bwana," ine ndili duu pambali. Analamula kuti kuyambira tsikulo kapepala kasatuluke pokhapokha atasayina dokotala, kapena iye mwini atamuona wodwalayo ndi maso ake.

Patangopita masiku ochepa kunabwera mayi wina wothyola tiyi, dzina lake Esinati, kwawo ku Goliati. Anali woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chitatu. Mayi ameneyu anali asanagulepo tsiku kwa ine n'kamodzi komwe. Mapazi anali atatupa, nkhope ndi zala chimodzimodzi. Anati mutu ukumuwawa ngati ung'ambika, ndipo akayang'ana masamba akuona tinthu tothwanima m'maso. A Makwinja anali atapita kumaliro kwawo. Dokotala anali atabwera dzana lake, ndiye kubweranso kunali patali.

Inu owerenga, sindinganame kuti sindinkadziwa kanthu. Dzina la matendawo sindinkalidziwa, koma ndinkadziwa kuti kutupa kotero kwa mayi wapakati si kwabwino. Ofesi ya bwana inali pamtunda pomwepo, poti mwana atha kutumidwa n'kubwerako madzi asanawire. Ndikanapita naye, n'kupempha lole yomutengera kuchipatala chachikulu. Koma ndinaganiza kuti ndikakangoima pamaso pa bwana ndi nkhani ya odwala, aitanitsa buku, ndipo m'bukumo zolemba zonse ndi za dzanja langa. Ndinaganizanso za masabata anga atatu aja.

Ndinamupatsa mapiritsi awiri a mutu, n'kumuuza kuti achepetse mchere ndipo adzabwerenso tsiku la dokotala.

"Nanga kapepala simundipatsa?" anafunsa.

"Analetsa," ndinatero.

Anamasula mfundo ya pansalu yake n'kutulutsa sikisi. "Ndinamva kuti mumalandira. Ine sindinkafuna zimenezi, koma lero ndalephera."

Ndinamubwezera ndalamayo m'dzanja. Inali ndalama yoyamba kuikana, ndipo ndinaikana chifukwa cha mantha, osati chilungamo. Anamanganso mfundo yake, n'kubereka dengu kupita kumunda.

M'mawa mwake, dzuwa litakwera, anagwa pakati pa mizere ya tiyi n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu. Amayi anzake anamunyamula pansalu kubwera naye kwa ine. Apo ndiye ndinathamangira kwa bwana, ndipo lole anapereka nthawi yomweyo, za buku sanafunse n'komwe. Esinati anamwalira panjira, mutu wake uli pamiyendo panga. Mwananso anapita naye limodzi.

Palibe anandiimba mlandu. Anthu anati lamupha ndi lamulo la bwana, ndipo pamaliro ena anandiyamika kuti ndinathamanga. Patapita masiku mwamuna wa Esinati, a Namakhwa, amene anali mlonda wa kufakitale, anabwera kudisipensale kudzatenga mpango wa mkazi wawo umene unatsalira. Anandipatsa moni mwaulemu, ine n'kuwapatsa mpangowo. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Anandiuza kuti munakana ndalama yake. Kodi inali yochepa?"

Anatuluka ndi mpangowo, osadikira yankho.

Tsiku langa litakwana ndinakwera sitima ku Luchenza. Ku Halale ndinali wophunzira wakhama, wosasowa m'kalasi. Chaka chachiwiri tinafika pa matenda a amayi oyembekezera. Mphunzitsi wathu, sisitala wina wachikulire, anatchula zizindikiro chimodzichimodzi: kutupa, mutu, kuthwanima m'maso. Anati mayi wotero mugonekeni, asagwire ntchito iliyonse, ndipo tsiku lomwelo akafike kuchipatala, chifukwa akafika msanga ambiri amapulumuka pamodzi ndi mwana. Ndinalemba zonse m'kope ngati anzanga. Funso limenelo linabweradi pamayeso ndipo ndinaliyankha bwino kwambiri.

Nditabwerako ndinamva kuti a Makwinja anawapumitsa ntchito chaka chomwe ndinachokacho, ati sakuthanso kusiyanitsa wodwala ndi wonama. Anamwalira kumudzi kwawo ndisanawauze zoona. Esinati anasiya ana awiri, anawatenga achibale a ku Goliati. Sindinawafunefune. Ndagwira ntchito m'zipatala zingapo, ndathandiza amayi ambiri otupa mapazi, ndipo ena anatcha ana awo dzina langa. Zimenezo sizinabweze munthu.

Tsono inu amene muli pantchito ndipo mukufuna kukwera ndi maphunziro, kufunako si kulakwa. Pemphani chithandizo poyera, kwa abwana anu, kumpingo, kwa abale, ngakhale akukaneni kangapo. Koma musagulitse chimene anakusungitsani chifukwa cha anthu ena, kaya ndi siginecha, kaya ndi kiyi ya kabati, ngakhale mutaona kuti palibe akupwetekeka. Ine ndinkaganiza kuti choopsa n'kugwidwa. Sindinagwidwe. Chimene chinachitika n'chakuti tsiku limene munthu anafuna kuti ndimuyankhulire, ndinali ndi chobisa, ndipo pakamwa panga panatsekeka.

Zikavuta, dikirani. Ine ndikanapita chaka chinacho, kapena chinzakecho, sukulu ndikanaipeza ilipo. Esinati sakanatha kudikira ngakhale tsiku limodzi.