Galimoto Imene Ada Ankaidikira

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene ukonde wa Ada, bambo anga, unang'ambika kachiwiri, ife osapeza ngakhale ya ulusi wosokera. Kwathu ku Tukombo mwamuna amene sanapondepo Joni amayankhula motsitsa mawu pagulu. Ndinasiya mkazi wanga NyaLongwe ali ndi khanda kumbuyo, mwana wathu Tamara, n'kukwera basi. Ada sanachulutse zonena. Anangoti, "Ukabwere ndi chinthu chooneka."

Ntchito ndinaipeza kwa mzungu wina wokalamba, yosesa masamba ndi kudula kapinga. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, ndipo Lamlungu linkatha ndisanayankhule ndi munthu, kupatula galu. Nkhalambayo inali ndi galimoto yakale yofiira, yamipando iwiri yokha, ya mtundu umene anthu amagulira liwiro basi, yotsika moti ukalowamo umakhala ngati uli pamphasa. Inkavuta kulira. Maso a mwini wake atafooka, manja anga ndi amene ankagwira ntchito, iye pakamwa pokha. "Usamangosintha zitsulo," ankatero. "Tsatira magetsi kuchokera ku batire mpaka pamene asowera." Zaka zisanu ndi zinayi ndinaidziwa galimoto ija kuposa mwana wanga.

Nkhalamba ija itamwalira, mkazi wake anandipatsa galimotoyo. Munthu wanzeru akanaigulitsa. Ine ndinaijambula, kutumiza chithunzi kumudzi, ndipo ndalama zimene ndinkasungira malata zinathera kwa onyamula katundu ndi msonkho wa pa boda. Galimoto inafika ku Tukombo, mwini wake n'kutsala ku Joni chaka china ndi theka, akusaka maganyu.

M'miyezi yomalizayo NyaLongwe ankatumiza mawu pa foni. "Chilonda cha Ada pa phazi sichikupola. Shuga wakwera. Akukana kupita kuchipatala." Ine ndinkatumiza ya ulendo n'kumati ndathana nazo. Sindinafunsepo chimene ankakanira.

Ndinafika Lolemba masana. Fungo ndinalimva ndisanalowe m'nyumba. Zala ziwiri za kuphazi zinali zitada bii, mwendo utatupa mpaka m'bondo.

"Ndimadikira iwe," anatero Ada. "Ndinauza anthu ku tchalitchi kuti kuchipatala ndidzapita pa galimoto ya mwana wanga. Ndikwere kabaza, galimoto ili pakhomo? Andiseke?"

NyaLongwe anandikokera kumbali. "Awisi Tamara, tipeze galimoto ina lero lomwe. Musawamvere."

"Ola limodzi lokha," ndinatero. "Iyi ndimaidziwa."

Galimotoyo a pakhomo anali ataimangira chisakasa cha udzu, akuipukuta fumbi ngati mlendo wolemekezeka. Batire inali itafa, zimenezo ndinkayembekezera, ndipo ndinabwereka ya sola kwa aneba. Nditapotoza kiyi, magetsi a pa dashibodi anayaka mofooka, kenako "tiki", basi. Sitata siinatembenuze injini. Ndinapala mitu ya batire, osasintha kanthu. Nditalowa pansi ndinapeza waya wokhuthala wolumikiza injini ndi thupi la galimoto, amene amakaniko amati ethi, atadyeka ndi dzimbiri. Chinyezi cha kunyanja sichisiya chitsulo.

Lachiwiri ndinakwera minibasi kukasaka waya wina ku Chintheche. Ndinadutsa pafupi ndi geti la chipatala waya ali m'thumba, ndipo sindinachite manyazi. Nditamumanga, sitata inatembenuza injini bwinobwino, koma injini osagwira. Amuna a pamudzi anaikankha pamchenga mpaka thukuta kamukamu, osaphula kanthu. Ndinatulutsa petulo wakale, kuthira watsopano, n'kutchera khutu. Ukapotoza kiyi, pampu ya petulo imayenera kung'ung'udza pang'ono kumbuyo. Kunali zii. Fyuzi yake inali itapsa. Ndinaika ina, nayonso inapsa ndikuona. Penapake waya wosenda ankakhudza chitsulo.

Nditatsegula buti ndinapeza zinyenyeswa za makaka ndi ndowe za makoswe.

"Ndi malo okhawo pakhomo pano okhala ndi loko, osadontha," anatero NyaLongwe osandiyang'ana. "Denga la nyumba mwaliona. Chinangwa chouma ndikanachisunga kuti?"

Makoswe anatsatira chinangwa, atamaliza n'kuyamba mawaya. Kuseri kwa mipando anali atamanga chisa, mtolo wonse wa mawaya atautafuna.

Lachitatu lonse ndinalithera pamenepo, mipando nditaichotsa, ndikuyesa waya mmodzimmodzi ndi kababu, kulumikiza, kukulunga tepi. Ada anauza anthu kuti awanyamule pampando awaike pakhomo pa chisakasa. Ankanjenjemera atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo, koma aliyense wodutsa ankamupatsa moni wa Chitonga n'kumuitana. "Timoneni! Bwerani muone zimene mwana wanga anaphunzira ku Joni." Ndinene zoona, ngakhale zikundiwawa: ndinkakondwa. Kuyambira ndili mwana Ada anali asanakhalepo pansi kuonerera ntchito ya manja anga. NyaLongwe anabwera kawiri kudzanena kuti mwini galimoto ina wavomera kubwera. Kawiri konse ndinati kwatsala waya mmodzi.

Lachinayi m'mawa pampu inang'ung'udza, injini n'kulira. Amayi a pamudzi analuluta. Tinawalowetsa Ada movutikira, chifukwa mwendo sunkapindika, ndipo popeza mipando ndi iwiri, NyaLongwe anatitsatira pa kabaza atanyamula beseni ndi zofunda. Titangofika pa tala, Ada anandigwira dzanja. Dzanja lawo linali lotentha ngati mbaula.

"Pa tchalitchi ndi pamsika upite pang'onopang'ono," ananong'ona.

Galimoto yopangidwira liwiro, wodwala ali mkati, ine ndinachepetsa liwiro. Ndinaliza ndi hutala yomwe. Ada ankakweza dzanja kwa anthu.

Kuchipatala anatilandira namwino wina, mayi wolankhula Chichewa cha ku Dedza. Atamasula nsanza za pa phazi anandifunsa, "Bambo, inu mwafika liti kuchokera kunjako?"

"Lolemba."

"Ndiye kuyambira Lolemba munali kuti? Matendawa alowa m'magazi. Masiku atatu pa chilonda chotere si ochepa."

Anawatumiza ku chipatala chachikulu pa ambulansi. Ada anamwalira Loweruka.

Pamaliro ndinakhala ndikudikira kuti wina andiloze chala. Mkulu wa mpingo ataimirira anati, "Ada awa amwalira mwaulemu. Mwana wawo sanawaiwale ku Joni. Tonse tinawaona akupita kuchipatala ngati bwana." Anthu anavomera ndi mitu. Amuna amene anakankha galimoto pamchenga, omwe ankamva fungo lija tsiku ndi tsiku, anabwera mmodzimmodzi kudzandigwira chanza n'kundithokoza. "Yewu, mwawalemekeza."

Mudzi wonse unaona phazi lija likuwola miyezi iwiri, ndipo mudzi wonse unaona kuti n'zomveka munthu kudikira galimoto ya mwana wake. Ndinkati kunyada ndinakutola ku Joni, koma ndinachoka nako konkuno, ndipo ndinakupeza kukundidikira. Mmodzi yekha amene sananene yewu ndi NyaLongwe. Mpaka lero amandiikira chakudya, amandichapira, koma akafuna kupita ku Chintheche amayenda wapansi mpaka pamsewu kukadikira minibasi.