Kulira kwa Mdzukulu Pamwamba pa Nsanja

Anzawo a kuntchito ankawatchula kuti a Nalimata, chifukwa cha mmene ankakakamirira pa zitsulo za nsanja za netiweki. Ntchito yawo inali kukwera, lamba m'chiuno, sipanala m'thumba, n'kukatembenuza maeriyo molozetsa kumene injiniya wanena. Ankati nsanja zili ngati anthu m'basi: wina akakweza mawu onse amakweza, mapeto ake palibe womva mnzake.

Chaka chimene mwana wawo wamkazi anakwatiwa kunja kwa dziko, injiniya anapeza kuti nsanja ya kufupi ndi kwawo ikulongolola mpaka kudera la inzake, moti mafoni a kumsika ankangodukaduka. Anaichepetsa mphamvu, ndipo a Nalimata anaweramitsa maeriyo ndi manja awo. Kumsika zinayera. Koma kunyumba kwawo, kumapeto kwa msewu, netiweki inatsala pa windo la kukhitchini lokha, nayonso yochita kunyengerera.

Akazi awo ankaima pamenepo Lamlungu lililonse, chigongono pa sinki, kumva mawu a mwanayo akubwera m'zidutswa.

"Bambo a mwana, si inu nomwe munapotoza? Kabwezereniko pang'ono."

Iwo anayankha kuti akatero, azimayi ena ambirimbiri ayamba kuima pa mawindo awo. Mayiwo anangoti anthu amakwatiwa ndi telala n'kumayenda chigamba. Sanaitchulenso nkhaniyo, koma a Nalimata ankati akakwera nsanjayo, maso ankathamangira ku denga lawo la dzimbiri, sipanala ili m'manja.

Tsiku lina masana ali pamwamba, foni inalira m'thumba. Anali mkamwini. Anati ayesa kwa amayi koma sikulowa. Mwana wabadwa, wamkazi. Kenaka anaika foni pafupi ndi khandalo. A Nalimata anakumbatira chitsulo, mphepo ikuwomba ovolosi, n'kumvetsera kakulira kosasa, kaukali, komveka ngati kali m'khwapa mwawo. Anapempha mkamwiniyo kuti asadule msanga.

Atafika kunyumba anapeza akazi awo akusita. Anawauza zonse, koma mayiwo anafuna kudziwa chimodzi: kamalira bwanji? A Nalimata, ndi imvi zawozo, anavula chipewa cha ntchito, anakhosomola, n'kuyesera kulira ngati khanda pakati pa balaza.

Mayiwo anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anapukuta m'maso ndi malaya amene ankasita aja.

"Tabwerezaninso," anatero.