Dzina limodzi, makhadi awiri

Ndinayamba ntchito pa kiliniki ija ya ku Matero ndili ndi tsache ndi mopu. Sukulu ndinalekezera giredi folo, koma dzina la munthu ndimaliwerenga, ndipo manambala sandisokoneza. Kilinikiyo kale inali nyumba yokhalamo anthu. Pabalaza ndi pamene odwala amadikirira, chipinda chogona n'cha adokotala, khitchini anaisandutsa moperekera mankhwala. Zaka zitapita, makhadi a odwala anagwera m'manja mwanga popanda wondipatsa. Munthu akangolowa pageti ndinkadziwa kuti ndi wa nyumba iti, ndipo pamene asista ankamufunsa dzina, ine khadi lake ndinali nditalitulutsa kale m'katoni.

M'katoni momwemo munali khadi la mwana wanga wamkazi. Anadwala miyezi yambiri, akubwera pa kiliniki yomweyi, mpaka khadilo linadzaza kumaso ndi kumbuyo, asista n'kulumikizapo pepala lina. Atamwalira, asistawo analemba mzere wofiira kuchoka ngodya iyi kufika ngodya iyo, monga amachitira ndi makhadi a anthu amene atisiya. Ine ndinalibwezera pamalo pake penipeni. Sindinalikankhire kumbuyo.

Patapita chaka ndi miyezi, mkazi wa mwana wanga wamwamuna anabereka mwana wamkazi. Mchombo utagwa anabwera naye kwa ine kuti ndimutche dzina, ndipo ndinamutcha dzina la malemu uja. Kwathu ku Katete timatero. Munthu timakamuika, koma dzina timabwerera nalo kunyumba. Tonse tinkakhala pa yadi imodzi, ndiye mdzukulu wangayo atayamba kuvutika ndi mphumu n'kutsegulitsa khadi lake, m'katoni munakhala makhadi awiri: dzina limodzi, dzina la banja limodzi, nambala ya nyumba imodzi, ngakhale nambala ya foni inali yangayi pa onse awiri. Ine sizinandisokonezepo ngakhale tsiku limodzi. Lina linali lothetheka m'mbali, la mzere wofiira. Lina linali loyera.

Mwezi wina wozizira adokotala anati makhadi atha ntchito, tsopano zonse zilowa m'kompyuta. Lolemba kunabwera bambo wina wa makompyuta wochokera m'tauni, wamtali, imvi zitayamba m'mbali mwa makutu. Anaboola makoma, n'kudutsitsa nthambo za buluu kuchoka polandirira odwala kupita kwa adokotala, kuchoka kwa adokotala kupita ku mankhwala. Fumbi la makomawo ndinasesa ndine. Pakhoma anakhomapo kabokosi ka timagetsi tobiriwira tophethira, ndipo m'kachipinda kosungira katundu anaikamo kompyuta yakuda yopanda galasi loonerapo.

"Amai," anandiuza, "muno osakolopa na manzi yambili. Iyi ni seva. Ndiye mutu wa vonse."

"Mutu woopa madzi?" ndinatero. "Ndiye susamba?"

Anaseka, n'kundifotokozera bwinobwino, osandiyesa chitsiru. Anati pulogalamu imene akuikamo izisunga odwala onse m'mutu umodziwo, ndipo zimene asista alemba kutsogolo, adokotala aziziona pomwepo m'chipinda mwawo, ku mankhwala nakonso chimodzimodzi. Palibenso woyenda ndi khadi m'khonde. Ndinene zoona, ndinakondwa. Mawondo anga anali atatopa nalo khonde lija. Aliyense amene amati ndinkadana ndi makompyuta amanama.

Masiku anayi asista ndi bamboyo ankalemba makhadi m'kompyuta, ine ndikuwapatsira limodzilimodzi. Lachinayi madzulo bamboyo anadina mabatani ake, mzere wobiriwira unayenda pagalasi mpaka kumapeto, n'kunena kuti zatheka. Adokotala anandiuza kuti Loweruka ndiwotche makhadi onse mumgolo wa kuseri, chifukwa matenda a anthu ndi chinsinsi, sangamangokhala m'makatoni. Ndinavomera.

Lachisanu m'mawa mpongozi wanga analowa pageti akuthamanga, mwana ali kumbuyo, chifuwa chikulira ngati mluzu. Asista analemba dzina la mwanayo pa kompyuta ya kutsogolo. Anayang'anitsitsa pagalasi. Analembanso. Ine ndinali ndi mopu pafupi ndi chitseko, ndinaona nkhope yawo.

"Ba sista, n'chiyani?"

Asista anayesa kunong'ona, koma pabalaza paja palibe chobisika. "Kompyuta ikamba ati uyu mwana anamwalila."

"Ati bwanji?" mpongozi wanga anakuwa.

Mdala wina pabenchi anasuzumira kumbuyo kwa mpongoziyo, n'kunena kuti, "Wakufa wamene akhosomola so? Ba sista, mupaseni mankhwala, azauka!" Ena anaseka. Ine sindinaseke.

Asista ndi munthu wodziwa ntchito. Anasiya kompyuta, ananyamula mwana, n'kukamuveka kachipangizo ka nthunzi pamphuno, ndipo patapita kanthawi mluzu uja unaleka. Koma pofuna kumupatsa kapampu kopumira koti apite nako kunyumba, kompyuta ya ku mankhwala inakana kutulutsa kapepala komata pa mankhwala. Fayilo ya munthu womwalira imakhala yotseka.

Bambo wa makompyuta anali asanachoke, ankakonza pulinta. Anabwera, anayang'ana, n'kugwedeza mutu ngati munthu wapeza chimene amachidziwa kale. Anati pulogalamuyo ikapeza makhadi awiri a dzina limodzi, nyumba imodzi ndi foni imodzi, imati ndi munthu mmodzi amene analembedwa kawiri, ndiye imawaphatikiza. Anati anachita kuiuza yekha kuti izitero, popeza anthu ambiri amataya kakhadi ka nambala yawo n'kudzatsegulitsa khadi lina. Apo sananame. Ine ndemwe ndinkawadziwa anthu a makhadi atatu.

"Kulibe vuto," anatero. "Ni vopepuka. Uyu wakufa tizamufuta chabe, kusale mwana."

"Mufufute ndani?" ndinafunsa.

Asista anamugunda ndi chigongono, n'kumunong'oneza. Bamboyo anachotsa dzanja pa kompyuta.

"Pepani amai. Sininazibe kuti ni mwana wanu." Kenaka anatembenukiranso ku kompyuta. "Basi tichite so. Fayilo iyi tiisiye mwamene ilili. Mwana timusegulile yatsopano, koma zina isiyaneko pang'ono kuti visagwilane futi. Alibe zina inangu? Ya ku chechi?"

"Dzina lake ndi lomwelo. Ku tchalitchi ndi lomwelo."

"Basi tiikeko chabe nambala 2 kumapeto."

Ine ndikakwiya chinyanja cha m'tauni chimandithawa, chimabwera Chichewa cha kwathu. "Bambo, mdzukulu wanga si minibasi kuti mumupachike nambala kumbuyo."

Mdala wa pabenchi uja anawomba m'manja kamodzi. Phokosolo ndi limene linatulutsa adokotala m'chipinda mwawo. Ndi munthu wabwino adokotalawo, anamusamalira mwana wanga mpaka tsiku lomaliza, koma m'mawa umenewo benchi inali yodzaza mpaka panja. Anamva nkhaniyo mwachidule, n'kutembenukira kwa ine.

"Amai, osavutisa bantu pa nchito. Ni mu kompyuta chabe. Kunyumba muzamuitana mwamene mufunila."

Ndinaganiza za mawu amenewo, akuti m'kompyuta chabe. Zimene zili m'kompyuta ndi zimene asista aziitana mokweza pabalaza. Ndi zimene zizilembedwa pa botolo lililonse la mankhwala limene mwanayo apite nalo kunyumba. Tsiku lina adzadziwa kuwerenga, adzaona dzina lake lili ndi mchira, n'kundifunsa kuti woyambayo ali kuti. Kapena mwana wanga afufutidwe ngati sanakhalepo pa benchi imeneyi, kapena mdzukulu wanga apotozedwe dzina. Anandiikira ziwirizo ngati ndisankhe tomato pamsika.

"Sindisankha," ndinatero. "Ndi anthu awiri. Alembedwe awiri, aliyense ndi dzina lake lathunthu. Ndipo makhadi aja mawa sindiwotcha."

"Amai."

"Sindiwotcha, adokotala."

Zaka zonse zimene ndinagwira pamenepo ndinali ndisanawakanirepo kanthu. Ndinkadziwa kuti anthu ofuna kugwira mopu ndi ambiri mu Matero. Ndinatsamiritsa mopuyo kukhoma, ndinalowa m'kachipinda ka seva kaja, ndinakoka katoni ya makhadi n'kubwera nayo pakati pa balaza. Ndinaikhalira. Mpongozi wanga anayamba kundikoka chitenje. "Amama, tiyeni, bazakuchosani nchito." Ndinamuuza kuti akhale pansi azingoonerera.

Nditakhala pa katoni paja mtima unayamba kutsika, ndipo m'pamene nzeru inabwera. Kodi ndine ndekha wotcha mwana dzina la womwalira mu komboni yonseyi? Ndinadzuka, ndinatsegula katoni, zala zinapita zokha. Ndinatulutsa makhadi awiri a nyumba ina ya kuseri kwa msika: agogo aamuna, ndi kamdzukulu kawo kotchedwa dzina lawo. Sindinatchule dzina pagulu. Ndinangowapatsa bambo aja.

"Lembani ili."

Analemba. Panatuluka fayilo imodzi. Adokotala anaweramira pagalasi n'kuwerenga chamumtima. Ndinaona chala chawo chikutsika, chikuima, chikutsikanso. Pambuyo pake asista anandiuza zimene zinali pamenepo: munthu mmodzi womwa mapiritsi a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, yemweyonso wongomaliza kumene katemera wa ana.

Ndinatulutsa ena awiri. Mayi ndi mlamu wake, okwatiwa pa banja limodzi, dzina lofanana, foni ya mwamuna mmodzi. Mmodzi ndi woyembekezera, winayo amamwa mankhwala amene woyembekezera sayenera kuwakhudza. Fayilo imodzi. Ndinatulutsanso ena.

Adokotala anavula magalasi. "Bali bangati ba so?"

"Sindinawawerenge. Ndimangowadziwa."

Adokotala anauza asista kuti tsiku limenelo aliyense aonedwe ndi khadi lake la pepala, ndipo mwana wathu apatsidwe kapampu kake, dzina alembe ndi cholembera. Kenaka anayang'ana bambo wa makompyuta. Bamboyo anakanda imvi zake, n'kunena kuti anasunga kope la zonse asanaziphatikize, akhoza kubwezera mmene zinalili, n'kuiuza pulogalamu kuti iziyang'ananso chaka chobadwa. Vuto linali lakuti makhadi ambiri akale analibe chaka chobadwa, ena anangolembedwa kuti wamkulu kapena mwana.

"Pafunika muntu wamene abaziba aba bantu," anatero.

Palibe amene anatchula ine. Onse anangondiyang'ana. Ndinatenga mopu wanga n'kukamaliza khonde, popeza linali litauma theka.

Loweruka mgolo sunayake. Anandiikira mpando pafupi ndi bamboyo, kutsogolo kwa kompyuta, katoni ili pamiyendo panga. Iye ankawerenga mayina amene pulogalamu inkawakayikira, ine n'kumayankha.

"Aba babili?"

"Ndi mmodzi. Khadi loyamba linanyowa madzi atalowa m'nyumba mwawo."

"Aba?"

"Awiri. Wina ali ku Kitwe, wina ndi uja wogulitsa makala."

"Aba batatu?"

"Mmodzi. Amasintha dzina akasintha mwamuna."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Amai, seva yeniyeni ndimwe."

"Koma ine ndimasamba," ndinatero.

Pamene ndinali kukayika, ndinkanena kuti sindikudziwa, iye n'kuika chizindikiro choti asista adzamufunse munthuyo akadzabwera. Sindinafune kunama kuti ndioneke wodziwa zonse.

Dzuwa litapendeka tinafika pa dzina lathu. Bamboyo sanaliwerenge mokweza. Anangotembenuzira galasi kwa ine. Panali mizere iwiri, wina pamwamba wina pansi, zilembo zofanana ndendende. Anandifunsa chaka chimene mwana wanga anabadwa, ndinamuuza, analemba. Anandifunsa cha mdzukulu, analemba. Kenaka anati pa mzere wapamwambawo pali kabokosi kofunika kudinanso, kosonyeza kuti munthuyo anatisiya, popeza pobwezera kope lija chizindikirocho chinachoka. Anati fayiloyo itsekedwa koma sifufutika, ikhalabe m'menemo ndi zonse zimene zinalembedwa.

Anayamba kusuntha dzanja. Ndinamugwira mkono.

"Ndidina ndine."

Anandipatsa kachipangizo kosunthira kamuvi kaja. Dzanja langa linazolowera mpini wa mopu, ndiye kamuviko kanathawira kungodya, n'kubwerera, n'kupitirira. Bamboyo sanandithandize, ndipo ndimamuthokoza pa chimenecho. Kachitatu kanaima pa kabokosiko. Ndinadina. Mzere wapamwamba unasanduka wotuwa. Wapansi unakhalabe wakuda bii.

Makhadi tinadzawotcha patapita mwezi, adokotala atakhutira kuti zonse zili bwino. Ndinawotcha ndine, mumgolo wa kuseri, ndikutakasa ndi chitsulo kuti pasatsale dzina la munthu lowerengeka. Limodzi lokha sindinaponyemo. Ndinalowa nalo kwa adokotala, ndinawaonetsa mzere wofiira uja, n'kuwauza kuti ili ndikupita nalo. Sindinapemphe. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kubwerera ku zolemba zawo.

Mdzukulu wanga amabwerabe nyengo yozizira ikafika, ndi miyezi ya fumbi. Tsopano amayenda yekha kuchoka pabenchi. Asista amayang'ana pagalasi n'kuitana dzina lija lonse, mokweza, lopanda nambala kumapeto. Ine ndimakhala ndili m'khonde ndi mopu. Ndimaima kaye mpaka ndimve akuyankha.