Ndinawalembera Chingerezi papepala, ntchito inapita kwa wina

Lolemba lapitali Abiti Saidi, amene amasoka zovala pakhonde loyandikana ndi kashopu kanga kometera ku Biwi, anandipeza ndikupukuta makina ometera. M'manja ananyamula kalata. Kampani ina yosoka mayunifomu inawaitana ku intavyu Lachisanu.

"Aphunzitsi, tandiuzeni. Amati 'I has' kapena 'I have'?"

Dzina la aphunzitsilo ndi lachipongwe. Sukulu ndinasiyira Fomu 3, koma poti Chingerezi ndinkakhoza, mzere wonse wa mashopu apa unandisandutsa dikishonale. Wowotcherera zitsulo amafuna kusiyana kwa "borrow" ndi "lend". Wogulitsa mayunitsi sagwira za "since" ndi "for", chaka chachitatu tsopano. Ndimayankha mutu wa munthu uli m'manja, ndipo ndinatopa nazo kalekale.

Koma amayiwa sindikanawakaniza. Maoda pakhonde paja anachepa, anthu akuvala kaunjika, ndipo ana awo atatu amadalira makina awo akale osokera. Ntchito ya pamwezi ankaifuna ndi mtima wonse.

Ndiye ndinachita zimene ankatichita ife kusukulu. Ndinalemba mayankho papepala kuti aloweze: dzina, kumene amakhala, zaka zimene akhala akusoka. Masiku anayi phazi linali pa makina, pakamwa pali pepala langa.

Lachinayi anandifunsa kuti, "Nanga akakandifunsa zoti m'pepalamu mulibe?"

"Sangafunse, Amayi. Mafunso ake ndi omwewa. Chachikulu musakayerekeze kulankhula Chichewa. Akakuonani otsalira."

Ndinanena motsimikiza, ine amene chibadwire sindinalowepo m'chipinda cha intavyu.

Lachisanu masana anabwera n'kukhala pabenchi la makasitomala, jumbo ya mapepala ili pamiyendo.

"Zayenda bwanji, Amayi?"

"Pepala lanu ndinalimaliza lonse, osaphonya. Tinalowa anayi. Kenako mmodzi mwa mabwana otifunsa analoza makina amene anali pakona, ulusi ukupanga mfundo kunsi kwa nsalu. Anafunsa pa Chingerezi kuti vuto n'chiyani. Ndinamva bwinobwino. Ndipo vutolo ndinaliona ndikungolowa pakhomo, ulusi wapamwamba sunamange."

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinayamba kufufuza m'mutu kuti apa pakufunika 'is' kapena 'are'. Ndinangoti kukamwa yasa. Si munati Chichewa ayi?"

Akuti mmodzi mwa anayiwo, mayi wina wa ku Kawale, anangodzuka, kupita pamakinapo, kupotoza kachitsulo n'kunena kuti, "Bwana, ulusi unali wolekerera, yesani tsopano." Amutenga iyeyo. Akuyamba mawa.

Abiti Saidi sanandikalipire. Bola akanatero. Anangobwerera pakhonde pawo n'kuyamba kufupikitsa thalauza la munthu.

Ndakhala ndikudzifunsa kumene ndinawatenga malangizo opusawo. Yankho ndikulidziwa. Kusukulu kwathu ukagwidwa ukulankhula Chichewa ankakuveka chikatoni m'khosi mpaka upeze mnzako womupatsira. Sukulu ndinasiya, koma chikatonicho sindinavule. Sabata ino ndachipatsira mayi wa msinkhu wa amayi anga.

Ndipo musandiyang'ane ngati ndili ndekha. Munthu athyole Chingerezi pafoni m'minibasi ya ku Chinsapo, mpando wonse wakumbuyo ugwa ndi phwete. Wina alembe molakwa pagulu la WhatsApp, zimene amanena zija zaiwalika, onse asanduka oyang'anira mayeso. Tsono anthu amene amabwera kwa ine ndi timafunso tawo sakufuna kudziwa Chingerezi. Akufuna kuti asasekedwe basi. Ndipo njira yachidule yoti usasekedwe ndi kutseka pakamwa, ngakhale yankho uli nalo.

Sindikunena kuti musaphunzire. Phunzirani, funsani, ndikuyankhani ndikumeta monga mwa masiku onse. Koma ndiyang'aneni ine bwinobwino. "Has" ndi "have" sindiphonya, ndipo madzulo alionse ndimasesa tsitsi la anthu.

M'chipinda muja onse anali Amalawi. Abiti Saidi akuti mabwanawo pakati pawo ankacheza Chichewa chenicheni cha ku Dedza. Makina anakonzedwa ndi zala, osati ndi galamala.

Inu amene mumaseka mayi akathyola Chingerezi, tandiuzeni: akupatseni nsalu ndi sizasi, kolala ya malaya mwavalawo mungaisoke?