Fisi wa Kumudzi ndi Fisi wa M'filiji

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene watisunganso sabata ino, ife a ku Bauleni muno mu Lusaka ndi inu nonse owerenga, ngakhale thumba la unga wa nsima likukwera mtengo ngati lamera mapiko, ndipo magetsi akubwera ngati mlendo wothamangira basi. Ndimuthokozenso chifukwa cha chozizwitsa china chaching'ono. Loweruka lapitali anandigwira pakamwa, ine mayi wolongolola, mpaka munthu woyenera kulankhula atalankhula.

Mumpingo mwathu ndine mmodzi wa alangizi. Timalangiza atsikana akamalowa m'banja, ndipo timaitanidwanso banjalo likayamba kutsokomola. Mwa ana amene ndinawalangiza muli wina amene lero ndimutchule Enelesi. Amagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi a ku Kabulonga. Mwamuna wake, tinene kuti Lameki, ankagwira pa kampani ina imene inatsekedwa. Tsopano amawotcherera mageti magetsi akakhalapo, ndiye kuti nthawi zambiri amangokhala pansi kuyang'ana nthambo. Ndi banja laulemu, losamveka phokoso. Koma zaka zapitapo ndithu chikwatiranireni, ndipo pa chingwe chawo sipanayanikidwepo thewera.

Inu mukudziwa mmene timachitira kuno. Pakhomo pakasowa mwana, maso onse amathamangira pamimba pa mkazi. Lachinayi lililonse ife amayi timamuika Enelesi pakati, manja pamimba, kudzudzula chilichonse chimene chatseka njira. Wasala kudya mpaka chitenje kumasuka chokha. Wamwa mizu yowawa yochokera kwa apongozi. Wadzola mafuta a aneneri a m'matenti. Nanga Lameki? Lameki amatinyamulira mabenchi, ife n'kumamuyamikira kuti ndi mwamuna woleza mtima.

Lachiwiri madzulo ndikupemerera mbaula, Enelesi anafika n'kukhala pa chigubu chamadzi osadikira mpando.

"Amama, ba anti ba Lameki babwela kuchoka ku Katete. Bakamba ati pa Chiwelu tinkhale pansi. Bafuna niyende."

"Upite kuti, mwanangu?"

"Kwatu. Ati nawachedwesa mwana wao."

Kenaka anatsitsa mawu n'kundiuza chimene wakhala akusenza yekha. Madamu amene amawagwirira ntchito anamumvera chisoni, ndipo anawatengera onse awiri kwa dokotala wa za ubereki. Dokotala atawapima anati Enelesi ali bwinobwino. Vuto lili mwa Lameki, mwina chifukwa cha matsagwidi amene anadwala ali mnyamata. Anawauzanso kuti njira ilipo. Kuli amuna amene amapereka mbewu yawo, imasungidwa pozizira, dzina la mwini wake silitchulidwa. Dokotala amaika mbewuyo mwa mkazi, ndipo Mulungu akalola mwana amabadwa. Madamu anati ngati angafune, iwo athandiza.

"Ba Lameki banalila mu basi monse," anatero Enelesi. "Banipempa ati nisauze muntu. Manje amama, niuzeni. Ivi va dokota ni chimo? Na pa Chiwelu nizakamba chani?"

Mundikhululukire, koma ganizo langa loyamba silinali lauzimu. Ndinaganiza za filiji. Kuno nyama ikuonongeka m'mafiliji chifukwa cha kuzima kwa magetsi, ndiye tikasungemo mdzukulu? Enelesi anaseka misozi ili m'maso, nati kumeneko ali ndi jenereta.

Atapita ndinakhala ndi funso lake. Ife okhulupirira timakonda kunena kuti zinthu izi ndi za masiku otsiriza, ngati madokotala ndiwo anayambitsa njira zachidule zopezera mwana. Tsegulani Malemba. Sara atatopa kudikira, sanatenge wantchito wake Hagara n'kumupereka kwa Abrahamu? Mwana anabadwadi, koma mtendere unatuluka pa khomo lomwelo limene mwanayo analowera. Ndipo amene anathera m'chipululu ndi wantchito uja, amene sitimva kuti anafunsidwa maganizo. Komabe mwanayo atalira ndi ludzu, Mulungu anamumva. Sanati uyu anabwera mwa njira yokhota, afe. Mfundo imeneyi ndimaigwira ndi manja awiri: mwana aliyense, kaya wabwera bwanji, ndi wa Mulungu.

Koma mafunso sathera pamenepo. Mwanayo akadzakula n'kuyang'ana pa galasi, nadzafunsa kuti mphuno iyi ndi ya yani, mudzamuyankha chiyani? Mwamuna wopanda dzinayo akakhala kuti wapereka mbewu ku Matero, ku Kanyama ndi ku Chawama, ana amenewo akadzakumana pa koleji n'kukondana, adzawaletse ndani? Ndipo ndi njala ilipoyi, anyamata athu amene agulitsa kale foni, nsapato ndi wailesi ya amayi awo, mukuganiza kuti adzasiya kugulitsa ichi? Ndamvanso kuti kumaiko ena makolo amasankhiratu, wamtali kapena woyera khungu, ngati akufukula mulu wa zovala zakale za salaula pa msika. Mwana wosankhidwa chonchi akadzabwera wamfupi, adzamubweza kwa yani?

Ndinapemphera, koma kunena zoona Loweruka linandipeza ndilibe yankho lathunthu.

Tinakhala panja kwa Enelesi ndi Lameki, chifukwa chipinda chawo n'chaching'ono ndipo malata anali akuwotcha. Yadi yawo ndi ya zipinda za lendi zondandana, ndiye tsiku limenelo mayi aliyense wa pa mzerewo anakumbukira kuti ali ndi zovala zofunika kuchapa. Azakhali a Lameki, aNaphiri, ndi mayi wamphamvu, wolankhula mosazungulira.

"Amayi alangizi, ine sindinabwere kudzakangana," anayamba. "Mtsikanayu ndi waulemu, amaphika bwino. Koma ife tinapereka mwana wathu kuti mtundu upitirire. Nyumba ili zii ngati sitolo yotsekedwa. Kumudzi ndamuonera kale wina. Uyu apite akapume kwawo."

Enelesi ankangoyang'ana maluwa a pa chitenje chake. Lameki ankayang'ana zala zake zopserera ndi moto wa wedilo. Ine chinsinsi chinali kundiyabwa pa lilime ngati chitedze, koma sichinali changa. Mlangizi woulula za ana ake ndi wailesi chabe.

"Wamva kapena sunamve?" anatero aNaphiri. "Kalongedze."

Mtsikana uja anaimirira. Sanalire, sanayang'ane mwamuna wake. Analowa m'nyumba, ndipo tinamva akutsitsa mapoto pa shelefu. Chivundikiro china chinagwa pansi n'kumazungulira pa simenti. Amayi ochapa aja manja anaima m'mabeseni.

"Enelesi, bweza mapoto," anatero Lameki. Mawu anatuluka okwera kuposa mmene ankafunira. "Ba anti, vuto ni ine. Ba dokota banatipima tonse. Uyu alibe mulandu. Ndine sinibala."

Abale anga, ndaonapo anthu akutembenuka mtima pa misonkhano ya chitsitsimutso, koma sindinaonepo wotembenuka msanga ngati aNaphiri. Mayi amene ankalankhula kuti yadi yonse imve anayamba kunong'ona.

"Iwe, tsitsa mawu! Zimenezi amanenera pabwalo? Bwanji sunandiuze? Iyi ndi nkhani yaing'ono. Mphwako Zakeyo alipo, nyumba yake yadzaza ana. Abwere mwakachetechete, iwe upite kukagona kwa anzako, basi. Mwana adzakhala wako, magazi ndi amodzi. Makolo ankatero."

Kwa inu obadwira m'tauni, ameneyo ndiye amatchedwa fisi: mwamuna wobweretsedwa mwachinsinsi kuti abereke m'malo mwa mwini nyumba.

Enelesi anatulukira pa khomo poto ili m'manja.

"Ba Zakeyo bamene baja ba kachasu? Bamene basamba pa Khisimisi chabe?"

Kuseri kwa zovala zoyanika wina anatsamwa ndi chiseko. Lameki, poona kuti madzi atayika kale, anafotokoza za njira ya dokotala ija. ANaphiri anagwira kumutu.

"Mwana wa m'filiji? Ngati nsomba? Magazi osadziwika alowe mumtundu mwathu? Akakhala a mfiti? Amayi alangizi, inu mumawerenga Mawu, auzeni ana awa kuti limenelo ndi tchimo."

Ndiye taonani pamene ndinaima. Kumanja kuli fisi wa kumudzi, wa miyendo iwiri ndi fungo la kachasu. Kumanzere kuli fisi wa m'filiji, wopanda nkhope, wobwera ndi dokotala wovala zoyera. Ndipo ndikufunsidwa kuti ndidalitse mmodzi.

Za Zakeyo sindinavutike nazo. Ndinawauza aNaphiri mwaulemu kuti chigololo sichisintha dzina chifukwa choti achibale agwirizana. Za dokotala ndinanena zimene ndikudziwa ndi zimene sindikudziwa. Nzeru za madokotala ndi mphatso ya Mulungu, ndipo ine ndemwe ndimaona chifukwa cha magalasi awo. Koma mbewu ya munthu wachitatu m'banja la anthu awiri si nkhani ya magalasi. Abusa ena amakana, ena amalola, ndipo ine sindinama kuti Mzimu wandinong'oneza yankho. Chokhacho ndinati, chilichonse chomangidwa pa bodza chidzagwa, ndipo chidzagwera mwanayo.

Sindinamalize bwino, Enelesi anaika poto pansi.

"Nonse mukamba monga ine kulibe. Mimba ni yanga. Kumwa mizu nine, kusala kudya nine, kupakila vikwama nine. Manje ba Zakeyo, manje filiji. Munifunseko na ine. Sinifuna ba Zakeyo, ivo nakana lelo na mailo. Va dokota tizakamba na amuna banga, tabili, pa ntawi yatu. Kapena tizayenda, kapena tizalela mwana wamasiye, kapena tizankala chabe so. Koma ine pano siniyenda."

Lameki anangoti, "Wakamba zoona." Ananyamula poto ija n'kukaibweza pa shelefu yekha.

Chimene chinandikhalira pamtima ndi ichi. Pamene tonse tinkaganiza kuti wosabereka ndi mkazi, mankhwala ake anali amodzi: achoke. Zitadziwika kuti ndi mwamuna, mwadzidzidzi nkhani inakhala yaing'ono, njira zinachuluka, ndipo aliyense anaphunzira kunong'ona. Palibe amene anati Lameki akapume kwawo. Ndipo njira zonsezo, ya makolo ndi ya madokotala yomwe, zimadutsa pa thupi la mkazi yemweyo kuti manyazi a mwamuna aphimbike.

Ndikuopa kuti makina atsopanowa akafika m'makomboni mwathu, tidzawagwiritsa ntchito yakale yomweyo. Tidzathamangira kwa dokotala chifukwa choopa milomo ya anthu, mwana n'kukhala chovala chobisira bambo ake. Tidzakangana m'matchalitchi ngati botolo la mbewu la dokotala ndi tchimo, pamene tchimo lothamangitsa mkazi wosalakwa takhala nalo zaka zonsezi osalisalira kudya ngakhale tsiku limodzi. Kodi Elikana anachita chiyani Hana atakhala wopanda mwana? Anamutonthoza, namukonda koposa. Ife tikanamupatsa chikwama.

ANaphiri anakwera basi Lolemba akung'ung'udza kuti ana a m'tauni alibe mwambo. Enelesi akadali m'nyumba mwake. Za dokotala sanagamule, ndipo ine sindikuwafulumiza. Nditapempha chilolezo cholemba nkhaniyi, Lameki anaseka koyamba pa sabata yonse.

"Lembani chabe, amama. Maneba banamvela kudala. Kapena wina azalimba mutima."

Ndiye ndikufunseni inu abambo amene mukuwerenga muli phee. Ndi amayi angati m'Lusaka muno amene akutchedwa maina pa mpopi ndi pa maliro, chonsecho akusenza chinsinsi cha amuna awo? Inu mukudikira kuti chivundikiro chigwe kaye?

Ambuye akudalitseni inu amene m'nyumba mwanu muli zii, akupukuteni misozi imene anthu saiona. Apatse amuna kulimba mtima konena zoona, ndi akazi mawu pa nkhani ya matupi awo. Apatse madokotala mantha oyenera pa ntchito ya manja awo, ndi ife alangizi pakamwa podziwa nthawi yotseka. Ndipo mwana aliyense, wobadwa, woleredwa, kapena amene akudikiridwabe, apeze nyumba imene sadzanamizidwa. Mtendere wa Mulungu ukhale pa makomo anu. Ameni.