Fundi Isaya ndi Chithunzi cha Mkazi wa Mwini

Ukatsika basi ya ku Mbinga pa Mbamba Bay, kutsidya kwa nyanja, umayamba wamva kulira kwa makina a Isaya usanawaone eni ake. Amasoka pakhonde la sitolo ya nsalu, ndipo anthu amangowaitana kuti fundi, ndiye kuti mmisiri. Kwawo ndi ku Nkhotakota. Adabwera pa sitima akadali ndi tsitsi lakuda, adakwatira Veronika, mwana wa Mmalawi mnzawo, adabereka Belinda, ndipo imvi zawapeza pakhonde lomwelo.

Munthu aliyense ali ndi kake komwe kamamusokoneza mutu. Ena ndi mowa, ena ndi mpira. A Isaya ndi zithunzi. Osati za ukwati kapena za ubatizo zopezeka m'nyumba iliyonse ayi, koma za ukonde woyanikidwa, za chitseko chakale cha ku Lituhi, za mthunzi wa mtengo wa mango pakhoma. Nthendayi adawapatsira ndi Gaudens, mwana wa ku Lituhi yemwe adaphunzira zojambula ku Dar es Salaam. Gaudens amasindikiza zithunzi zakuda ndi zoyera papepala lokhuthala ngati nsalu, nalemba dzina lake ndi nambala m'munsi ndi pensulo. Akabwera kudzadya Khirisimasi, a Isaya amagulako chimodzi.

Kasamalidwe kake kanali ngati ka khanda. Asanazigwire ankasamba m'manja, ndipo ankagwira m'mbali mokha. Magalasi ake ankachita kuitanitsa ku Songea. Nthawi ya dzinja ankasoka timatumba ta makala n'kutiika kuseri kwa chithunzi chilichonse kuti chinyezi chisalowe, ndipo khoma lomenyedwa ndi dzuwa sankapachikapo kanthu.

"Abambo a Belinda," ankatero a Veronika, "chithunzi cha mwana wanu chili m'Baibulo, cha ukonde wa eni chili m'galasi. Ukondewo ndi umene udzakulireni pamaliro?"

Chaka china Gaudens adabweretsa chachikulu kuposa zonse. Chinali cha mayi akukwera kanjira ka pakati pa miyala ikuluikulu ya kugombe, atasenza beseni la usipa, atafulatira. Nkhope sinkaoneka. A Isaya adakopeka ndi mmene kuwala kwa m'mawa kudagwera pamwala ndi pabeseni, moti adachipachika pabalaza, pakhoma loyang'anizana ndi khomo.

Posakhalitsa idafika nthawi yawo yolandira jumuiya, kagulu ka mabanja achikatolika oyandikana, komwe ku Malawi amati mphakati. Loweruka m'mawa anthu adadzaza pabalaza, amuna pamipando, amayi pamphasa. A Isaya, amene ankawerenga Mawu m'gululo, adawerenga bwinobwino. Atangotseka buku, a Kettie ogulitsa nsomba, mayi wosadziwa kunong'ona, adaloza pakhoma.

"Kodi ameneyu si Beata?"

Beata, mkazi wa Damian msodzi, adali pamphasa, pansi penipeni pa chithunzicho. Adatembenuka, adayang'ana m'mwamba, kenaka adakokera chitenje kumutu.

"Ayi, mama," adatero a Isaya, "ndi mayi chabe. Nkhope palibe."

"Mayi chabe? Msana uwu ndimautsatira tsiku ndi tsiku pochokera kugombe. Nanga chigamba ichi cha paphewa, chonga tsamba, amasoka zotere ndani mu Mbamba Bay muno?"

A Isaya adayandikira. Chigambacho chidali chawo. Adachidula okha pa kansalu kotsala, adachisoka okha pabulauzi ya Beata mvula ya chaka chapitacho isanayambe. Masabata onsewa ankachipukuta galasi chithunzicho m'mawa uliwonse osaona ntchito ya manja awo.

Damian sadakweze mawu. Adangofunsa ali chikhalire, "Fundi, mkazi wanga akutani pakhoma panu?"

Wapampando wa jumuiya adayambitsa nyimbo yotsekera, anthu adaimba mofulumira, ndipo tiyi amene a Veronika adaphika adazizira m'ketulo.

Ku Dar es Salaam mwina munthu akhoza kupachika msana wa mkazi wa mwini n'kumati ndi luso. Kuno chithunzi cha mkazi chimakhala kwa mwamuna wake, kwa makolo ake, kapena m'chikwama cha chibwenzi. Nkhani idayenda msika wonse tsiku lisanathe. Amayi adaleka kubwera kudzayezetsa. Ankangotumiza diresi lakale kuti fundi ayezerepo. Wapampando adabwera pakhonde, adakamba za mvula, kenaka adati mwina a Isaya apumeko kaye kuwerenga Mawu. A Isaya ankasoka atawerama ngati singano yawatayika, ndipo popita kunyumba ankadzera njira yakuseri kwa msika. Mbiri yabwino imene adaisunga ngati mlendo m'dziko la eni inkatha ngati sopo.

Chithunzi adachitsitsa n'kuchiika pansi pa bedi, atachikulunga m'nsalu yoyera.

"Ine ndikudziwa kuti simudaone mkazi," adatero a Veronika. "Mukadaona mkazi ndikadakumvetsani, ndinu mwamuna. Inu mudaona mwala. Koma ndani angakhulupirire zimenezo? Pansi pa bedi ndiye mwaonjeza. Chichoke m'nyumba muno."

"Ndichiotche?"

"Mukaotcha adzati mwabisa umboni. Tikachitule kwa eni ake, masana, ine ndili pambali panu."

Mtima wa a Isaya udawawa, chifukwa mwa zonse zimene adasonkhanitsa, chimenechi ndicho ankachikonda. Komabe Lamulungu atatuluka m'tchalitchi adavala jekete, adanyamula chithunzi ndi manja awiri, ndipo adadutsa pakati pa msika, a Veronika ali pambuyo.

Damian adawapatsa mpando, koma a Isaya adakhala pansi pakhonde.

"Bwana Damian, ndabwera ndi manyazi anga. Ndidagula osafunsa kuti ndi ndani. Telala wosazindikira chigamba chake ndi wakhungu. Katundu wanu ndi uyu."

Beata adatuluka, adagwada pafupi ndi a Veronika, nayang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali.

"Wojambulayo akadandiuza ndikadavala ya ku tchalitchi," adatero motsitsa. "Dziko lonse laona chigamba changa."

Damian adaloza m'munsi ndi chala chamamba. A Isaya adafuna kunena kuti asakhudze, koma adameza.

"Nambala iyi ndi ya chiyani?"

Apa padali poti munthu aname, anene kuti ndi tsiku lojambulira. A Isaya adayang'ana pansi.

"Imasonyeza kuti adasindikiza zingapo. Ichi ndi chimodzi mwa izo."

"Zinazo zili kuti?"

"Kwa amene adagula. Ku Dar, mwina ndi kwina."

Damian adaseka kaseko kopanda chimwemwe. "Ndiye mkazi wanga ali m'nyumba za amuna ambiri, koma wobwera kudzakhala pansi ndi inu nokha. Dzukani, fundi, mudetsa jekete. Gaudens ndidzalankhula naye pa Khirisimasi. Mama Belinda, mumupirira bwanji munthu ameneyu?"

"Ndidazolowera, shemeji," adatero a Veronika, kutanthauza alamu. "Ndipirira ndithu. Ena amuna awo amabwera ataledzera, wanga amabwera ndi miyala."

Beata adaseka chobisa kukamwa, napita kukatenga madzi akumwa.

Loweruka lotsatira Damian mwini ndiye adapereka buku kwa a Isaya kuti awerenge. Amayi adayambanso kubwera kudzayezetsa, ngakhale ena ankabwera awiriawiri. A Kettie mpaka lero akadutsa pakhonde amafuula kuti, "Fundi, ndifulatire?"

Galasi ndi felemu Damian adaikamo chithunzi cha ukwati wawo. Pepala la Gaudens adalikhomera ndi misomali pansanamira ya chisakasa chimene Beata amawambiramo nsomba, chifukwa pabalaza adati sangapachike chigamba. Utsi ukulidya pang'onopang'ono. Mwala udasanduka wofiirira, ngodya zidapindika. Njira ya ku tchalitchi imadutsa pomwepo, ndipo a Isaya amachiona sabata iliyonse. Amadziwa zoyenera kuchita kuti chisathe, koma angayambe bwanji kufunsa za chithunzi cha mkazi wa mwini? Amapereka moni kwa Damian, maso ali kunjira, n'kupitirira.

Zithunzi amagulabe, koma Gaudens akatambasula katundu wake, a Isaya amayamba aitana a Veronika kuti aone ngati mulibe munthu, ngakhale mwendo wokha.