Nkhuni za Alamu Anga

Ndinadzuka kusanache chifukwa cha fungo la mkungudza. Ndinali nditangotsinzina pakhonde, pakati pa amuna ochezera maliro a alamu anga, ndipo fungolo linandiuza zonse ndisanatsegule maso. Kuseri kwa nyumba amayi a m'mudzi anali atasonkha moto pa mafuwa, akuphika kalongonda ndi nandolo. Mulu wa nkhuni za mkungudza umene unali pansi pa nkhokwe unali utatha.

Alamu angawo anali Mmwenye wa chipembedzo cha Chihindu, telala wa pa Milonde, amene anakwatira mlongo wanga Chitaganya chisanabwere. Nkhunizo anazigula pang'onopang'ono kwa ocheka matabwa a ku Chambe, chifuwa chitayamba kuwavuta. Anandipempha kuti akadzamwalira thupi lawo lidzawotchedwe m'mbali mwa mtsinje, monga mwa mwambo wa kwawo. Ine ndine munthu wa mpingo. Ndinazengereza nthawi yaitali, koma potsiriza ndinalonjeza.

Ndinalonjeza chifukwa cha zimene anandichitira mkazi wanga atamwalira. Ankabwera madzulo n'kukhala nane chete. Tsiku lina anandiuza kuti mzimu, umene iwo ankautcha atima, sumabadwa ndipo sumafa. Thupi lili ngati nyumba ya pa esiteti ya tiyi: wantchito amagonamo nyengo yake, kenako amasamukira kwina atasenza zabwino ndi zoipa zimene anachita. Moto umagwetsa nyumbayo kuti wosamukayo asamacheukire m'mbuyo. Anatinso mzimu wa mwa Mmwenye, wa mwa Mlomwe ndi wa mwa ng'ombe ndi umodzimodzi. Sindinavomereze zonse, koma usiku umenewo ndinaona tulo.

Ndinafunsa amayi ophika aja kuti anawalola ndani kutenga nkhunizo. Mmodzi anayankha osandiyang'ana: "Mvula ya chiperoni yanyowetsa nkhuni zonse, achimwene. Anthu adye zosapsa?" Chapatali akulu awiri a mpingo anaweramitsa mitu. Dzulo lake anali atandiuza kuti kuwotcha munthu ndi za ufiti. Ndinadziwa kuti nkhunizo sizinapite pamoto mwangozi.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena pa njinga kuchokera ku Muloza, ambiri atavala malaya osokedwa ndi malemuwo. Anadya, nayamikira kuti nyemba zapsa bwino. Mwa Amwenye a m'masitolo amene ndinawatumizira uthenga, anabwera mmodzi yekha. Anaima kumsewu ndi ambulera, osalowa pabwalo, chifukwa mnzawoyo anakwatira Mlomwe. Ndinafuna kumufunsa ngati mzimu umodzi uja umathera pakhomo la sitolo. 

Ndinayenda khomo ndi khomo kupempha nkhuni zouma. Aliyense anali ndi chifukwa chake. Pofika masana mlongo wanga anandigwira mkono nati, "Basi, achimwene. Akumbe manda."

Adzukulu anakumba kumapeto kwa manda, pafupi ndi tchire. Tinanyamula maliro m'mvula yowaza, phiri litabisika mu nkhungu. Panalibe nyimbo, pakuti akulu aja anati munthu wosabatizidwa saimbiridwa. Tinkangomva mapazi m'matope. Chikhalire changa mumpingo sindinakwiyirepo abale anga monga m'njira imeneyo. Padzenje ndinapemphera ndekha mokweza. Pa khamu lonse lija lokhuta, "Ameni" anachokera kwa mlongo wanga yekha.

Pobwerera ndinadzera pa mafuwa. M'phulusa ndinapezamo chikuni chimodzi cha mkungudza, chopsa mbali imodzi, chikufukabe utsi. Ndinachitola.

Madzulo nyumba inali zii. Makina osokera anali ataphimbidwa ndi nsalu, mlongo wanga atagona pamphasa choyang'ana kukhoma. Pakona panali kanyali kadothi kamene alamu ankayatsa tsiku lililonse popemphera. Ndinauzira chikuni chija mpaka chinayaka, n'kuyatsira kanyaliko. Sindikudziwa ngati Mulungu wanga anakondwera nazo. Ndinatseka chitseko, n'kukhala pansi pomwepo, msana wanga utatchinga mphepo.